Voti Yoyezedwa ndi Thumba si Demokalase: Usipa Wathu m'Nyanja ya Anamgumi

Ndati ndilankhulepo pa nkhani imene ambiri a ife akuluakulu tikuinyalanyaza poganiza kuti ndi masewera a ana a pa foni. Si masewera ayi. Muli ndalama za ana athu, muli nthawi yawo, ndipo choposa zonse muli bodza limene lavala malaya a demokalase, mawu amene ena a ife tinawadikira zaka pafupifupi makumi atatu tili m'mayiko a eni.

Nkhaniyi inandipeza pakhomo panga pomwe kuno ku Mangochi. Ndili ndi mphwanga, mwana wa mlongo wanga, amene anakhoza bwinobwino Fomu 4 koma ntchito osaiona, monga momwe alili anyamata ambirimbiri kuyambira ku Namwera mpaka ku Makanjira. Anzake ambiri anakwera basi ya ku Joni. Iye anakana, nati adzadya za mutu wake kwawo konkuno. Tsiku lina anafika nkhope ili ngwee, foni ili m'manja, nati: "Amalume, ndapeza bwalo la pa intaneti losiyana ndi Facebook. Kumeneko mukalemba nkhani kapena kuika chithunzi anthu amakuvoterani, ndipo voti iliyonse ndi ndalama. Kulibe bwana, kulibe boma, kulibe woletsa. Eni ake ndi ife tomwe olembafe."

Ine nditamva mawu akuti voti makutu anaima, pakuti voti si chinthu chimene ndinachipeza motchipa. Makolo anga anathawa m'boma lino mu 1965, nthawi imene kungotchula dzina la Masauko Chipembere kunkamangitsa munthu, ndipo ine ndinakulira ku Tanzania. Ndinabwerera chitaperekedwa chikhululukiro cha 1993, ndipo voti yanga yoyamba m'dziko langa ndinaponya pa 17 May 1994. Pamzere tsiku limenelo kutsogolo kwanga kunali mwini maboti atatu, kumbuyo kwanga kunali mnyamata wokoka khoka amene analibe ndi nsapato zomwe. Palibe amene anafunsidwa kuti m'thumba mwake muli zingati. Voti ya bwana ndi voti ya mnyamatayo zinalowa m'bokosi zikulemera chimodzimodzi. Kwa ine demokalase ndi imeneyo, ndipo aliyense wofuna kubwereka dzinali ayenera kuyezedwa ndi muyezo umenewo.

Mphwanga anagwira ntchito, ndisakunamizeni. Ankalawirira m'mbandakucha kupita kudoko kukajambula maboti a chilimira akubwerera, amayi akuyanika usipa pa mathandala, ana akusambira m'mphepete. Analemba za mphepo ya mwera, za ulendo wa pa njinga kuchokera pa mlatho wa Bakili Muluzi kukafika ku Malindi, za mmene amaotchera chambo. Zonsezi m'Chingerezi, chifukwa ovota olemera a kumeneko Chichewa kapena Chiyao sachimva. Patatha miyezi ingapo tinakhala pansi kuwerengera. Zimene anapeza sizinakwane kubweza ndalama za mabandulo zomwe ankapempha kwa mayi ake ogulitsa mandasi. Koma pa tsamba loyamba la bwalo lomwelo panali chithunzi cha kapu ya khofi, mizere iwiri pansi pake, chitakolola madola amene mayi akewo sangawaone pa mwezi wathunthu.

Mnyamatayo anayamba kudzikayikira. "Kapena sindidziwa kulemba, amalume." Apa m'pamene mtima unandipweteka, ndipo ndinati tiwerenge limodzi malamulo a mabwalo amenewa. Safunsa anadya phula. Zimene tinapeza ndi zimene ndikufuna kukuuzani.

Mmene voti imayezedwera

Mabwalo otere alipo angapo, ndipo dzina la limene mphwanga analowa lilibe ntchito pano, chifukwa onse anayamwa bere limodzi. Kholo lawo lodziwika ndi Steemit, yomwe anaiyambitsa Ned Scott ndi Dan Larimer ku America mu 2016, pamodzi ndi ndalama yake ya crypto yotchedwa STEEM. Nzeru yake inali yokoma kumva. Tsiku lililonse makompyuta amapanga ndalama zatsopano n'kuziika m'nkhokwe imodzi. Anthu amalemba, anzawo amavota, ndipo pakatha masiku 7 nkhani iliyonse imalandira gawo lake la m'nkhokwemo molingana ndi mavoti amene yapeza.

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mavotiwo sawerengedwa ngati mitu ya anthu ayi, amayezedwa pa sikelo. Kulemera kwa voti yanu kumatengera kuchuluka kwa ndalama za crypto zimene mwazimangirira mu akaunti yanu. Tiyerekeze kuti wina wamangirira ndalama 1,000,000 ndipo inu mwamangirira 100. Voti yake imodzi ikufanana ndi mavoti a anthu 10,000 onga inu. Mudzi wonse wa Chembe utakonda nkhani yanu n'kuivotera ndi maakaunti atsopano, munthu mmodzi wokhala pa mpando wa ndalema ku Seoul kapena ku New York akhoza kuwaposa onsewo ndi chala chimodzi. Ndipo m'chaka choyamba zinali zoposa apa: kufikira mu June 2017 masamu ake anali akuti nkhani yoposa inzake kakhumi pa kulemera kwa mavoti inkalandira malipiro oposa pafupifupi ka 100.

Tsono popeza tsamba loyamba limaika pamwamba nkhani zomwe zikuyembekezera ndalama zambiri, wovoteredwa ndi wolemera ndiye amaoneka, wooneka ndiye amapeza omutsatira, ndipo gawo la malipiro ake limabwereranso mu akaunti yake kukalemeretsa voti yake. Wosauka amalemba, nkhani yake n'kumira pansi pa mulu wa nkhani zina ola lisanathe, osawerengedwa ndi munthu. Si kuti anthu anaiwerenga n'kuikana. Sanaione n'komwe.

Chodabwitsa n'chakuti eni mabwalowa sabisa. Iwo eni anagawa anthu awo ndi maina a zam'madzi. Wa chuma chambiri amamutcha whale, ndiye kuti namgumi. Wapakati amamutcha dolphin. Wosauka amamutcha minnow, kansomba konga matemba kapena usipa wathuwu. Ife a kunyanja sitifunika mphunzitsi kuti atiuze chomwe chimachitika nsomba yaikulu ikakumana ndi yaing'ono. Munthu akakuuzani yekha kuti m'nyumba mwake inu ndinu usipa, musadabwe mukadzapezeka pa thandala.

Nanga anamgumiwo chuma chawo anachipeza polemba nkhani zokoma? Ena inde, koma oyambirira ayi. Pa Steem mulu waukulu wa ndalama unakumbidwa ndi kampani ya oyambitsawo m'masabata oyamba Steem itangoyamba mu 2016, anthu wamba asanadziwe kuti kuli chinthu chotere. Ena anangobwera ndi madola n'kugula. Mpikisano unayamba ena ali kale pafupi ndi pomalizira.

Mwini chilimira ndi alovi

Pali lamulo lina limene ndinaliwerenga kawiri chifukwa linandikumbutsa kudoko. Kuyambira mu August 2019, malipiro a nkhani pa Steem amagawidwa pakati: theka kwa wolemba, theka kwa amene anaivotera, ndipo ovotawo amagawana molingana ndi kulemera kwa voti ya aliyense. Kale wolemba ankatenga magawo atatu mwa anayi.

Aliyense wa ku Makawa, ku Msaka kapena ku Malembo akudziwa kagawidwe aka. M'madoko ambiri, akachotsa za mafuta ndi zina zowonongedwa pa ulendo, theka ndi la mwini zida, theka lotsalalo agawane alovi onse amene anachezera usiku pamadzi. Takhala tikudandaula za kagawidwe kameneka kwa zaka zambiri. Komabe mwini chilimira tingamunenere zabwino pang'ono: anagula ukonde, anagula injini, ndipo mwera ukang'amba ukondewo iye ndiye amalira. Amadziwa maina a alovi ake, ndipo maliro akagwa kwa mmodzi wa iwo amachita manyazi akapanda kufika. Namgumi wa pa intaneti sadziwa kuti Mangochi ili kuti. Ambiri a iwo sawerenga n'komwe zomwe akuvotera: amatchera makina kuti azivota okha pa nkhani za anzawo, iwo ali m'tulo, theka lija likulowa. Ena amadzilembera timizere tiwiri n'kudzivotera okha, kutenga theka la wolemba ndi theka la wovota lomwe.

Pakati pa 2017 ndi 2019 panabuka malonda amene kwathu kuno tikanawatcha dzina lawo lenileni. Kunali makina ogulitsa mavoti poyera. Mumatumiza ndalama ku makinawo, iwo n'kuvotera nkhani yanu ndi voti yolemera, nkhaniyo n'kukwera pa tsamba loyamba. Mphamvu za makinawo zinkabwerekedwa kwa anamgumi, amene ankalandira phindu lawo tsiku ndi tsiku. Kuno ku Malawi lamulo la zipani la 2018 linaletsa kugawa ndalama ndi katundu pokopa ovota. Kaya likutsatidwa kaya ayi ndi nkhani ina, koma mtundu wonse tinagwirizana kuti kugula voti ndi chinthu chochititsa manyazi. Kumeneko kunali bizinesi yolemekezeka, yokhala ndi mitengo yake yolembedwa. Malamulo a 2019 anachepetsako malondawa, koma muzu wake sanaukhudze: voti ikuyezedwabe ndi thumba.

Kudyera nkhokwe ya onse motere tinakuona pa nyanja ya Malombe. M'zaka za m'ma 1980 nyanja imeneyi inkatulutsa chambo matani zikwizikwi pa chaka. Amene anali ndi ndalama anachulukitsa makoka a maso ang'onoang'ono ndi nkacha, kukokolola ana a nsomba ndi udzu wa pansi pomwe, aliyense akuti ndikapanda kutenga ine atenga mnzanga. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 chambo chinali chitatsala pang'ono kutheratu, mpaka mu 1993 boma linayambitsa makomiti a m'madoko kuti apulumutse chotsala. Amene anavutika koposa si amene analemera ndi makokawo.

Amatiuzanso kuti kumeneko kulibe woletsa kulankhula. N'zoona kuti zolembedwa mu kaundula wawo, amene amasungidwa pa makompyuta ambiri nthawi imodzi, n'zovuta kuzifufuta. Koma pali voti yotsutsa, ndipo nayonso imayezedwa ndi thumba. Namgumi mukamulakwira akhoza kufafaniza malipiro anu onse ndi voti imodzi, n'kugwetsa mbiri ya akaunti yanu mpaka zolemba zanu zizioneka zozimiririka kapena zobisika kwa owerenga. Inu kumubwezera simungathe, chifukwa lamulo likuti wa mbiri yotsika sangatsitse mbiri ya womuposa. Ndiye mudzapeza achinyamata anzeru zawo akulemba ndakatulo zotamanda anamgumi, akuthokoza voti iliyonse mogwada, akuopa kufunsa funso. Inu amene munakhala m'dziko muno zaka zija, kodi nyimbo zotamanda munthu mmodzi kuti mupeze mtendere ndi zachilendo kwa inu?

Ndipo mu September 2018 anabweretsa lamulo lakuti kulemba kulikonse, ngakhale kuyankha mnzanu, kumadya mphamvu zimene zimatengeranso ndalama zomwe mwamangirira. M'masiku oyamba a lamuloli maakaunti ang'onoang'ono ambiri anapezeka kuti sangathe n'kuyankha komwe, mpaka eni ake anachita kulifewetsa. Abale anga amene munatsala kuno munandisimbira za khadi la chipani, kuti popanda khadi sumalowa mumsika kapena kukwera basi. Kusiyana kwake n'kwakuti pakhomo la msika watsopanowu sipaima mnyamata wa malaya ofiira. Paima masamu, ndipo masamu sungawachonderere.

Tsiku limene nyumba ya malamulo inagulidwa

Wina anganene kuti zonsezi ndi za malipiro chabe, ulamuliro uli m'manja mwa anthu. Tiyeni tione chaka cha 2020. Pa Steem malamulo amasungidwa ndi kusinthidwa ndi anthu 20 osankhidwa, otchedwa mboni. Amenewa ndiwo nyumba yawo ya malamulo, ndipo nawonso amasankhidwa ndi mavoti oyezedwa ndi chuma.

Pa 14 February 2020 kunalengezedwa kuti Justin Sun, mwini ndalama ina ya crypto yotchedwa Tron, watenga kampani ya Steemit pamodzi ndi mulu uja unakumbidwa pachiyambi, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a ndalama zonse za STEEM. Mboni zinachita mantha n'kutseka muluwo kuti usavote. Pa 2 March 2020 misika ikuluikulu itatu yosinthira crypto, Binance, Huobi ndi Poloniex, inatenga ndalama zimene makasitomala awo anasungitsa n'kuvotera anthu a mbali ya Sun. M'maola ochepa mboni zonse 20 zosankhidwa ndi anthu zinali panja. Binance ndi Huobi pambuyo pake anabweza mavoti awo, nati sanamvetse chimene ankachita, koma madzi akatayika saoleka. Pa 20 March anthu okwiya anachoka n'kukayambitsa bwalo lawo lotchedwa Hive, ndipo pogawa ndalama zatsopano anamana amene anaima ndi Sun. Mu May mbali yotsalayo inalanda STEEM yopitirira 23 miliyoni m'maakaunti opitirira 60 a otsutsana nayo.

Taonani masiku amenewa bwino. Pa 3 February chaka chomwecho, khoti la malamulo a dziko lino linafafaniza chisankho cha pulezidenti cha 2019 chifukwa cha zolakwika zake, ndipo pa 23 June tinavotanso. Dziko losauka ngati lathu linali ndi khoti lopitako voti ikaonongeka. Usipa wa pa Steem unalibe khoti, unalibe bungwe la chisankho, unalibe koti n'kukadandaula. Unangoonerera anamgumi akumenyana, madzi akuvunduka. Ndipo Hive, ngakhale inabadwa pokana munthu mmodzi wogula ulamuliro, inasunga lamulo lomwelija lakuti voti ilemere monga thumba. Anathamangitsa mfumu, mpando wachifumu n'kuusiya.

Tinaziona kale mu 1961

Achinyamata amaganiza kuti nzeru imeneyi ndi yatsopano chifukwa yabwera pa foni. Funsani agogo anu. Pa chisankho cha August 1961, dziko lino likadali Nyasaland ndipo boma lino likutchedwa Fort Johnston, atsamunda anakonza kaundula wa ovota pawiri. Kaundula wapamwamba unali wa anthu a malipiro, katundu ndi maphunziro okwera, ndipo anthu ake sanafike 5,000, koma anapatsidwa mipando 8. Kaundula wapansi unali ndi anthu opitirira 100,000, ndipo anapatsidwa mipando 20. Werengerani nokha kuti voti ya wapamwamba inkalemera kangati. Ndipo unyinji wa anthu, amene sanakwanitse ngakhale zoyenereza za kaundula wapansi, sunavote n'komwe.

Atsamunda anali ndi chifukwa chawo chomveka bwino m'makutu. Ankati munthu wa katundu ndiye ali ndi chotaya dziko likasokonekera, choncho ndiye woyenera kulisankhira njira. Mawu omwewa ndi amene mudzawamve lero kwa oikira kumbuyo mabwalo a crypto: amene waika ndalama zambiri ndiye amafunira bwalo zabwino, choncho mawu ake alemere. Makolo athu anakana nzeru imeneyi, nati munthu mmodzi voti imodzi. Kodi msodzi amene moyo wake wonse uli pa nyanja alibe chotaya nyanja ikauma, chifukwa choti alibe boti? Kodi mnyamata amene waika miyezi isanu ndi umodzi ya moyo wake pa bwalo alibe chimene waikapo?

Zomwe amanena oikira kumbuyo

Sindikufuna kukhala ngati aja ankatseka pakamwa otsutsa, choncho ndiyankhe mfundo zawo zitatu zimene zili ndi mutu.

Yoyamba, amati Facebook ndi anzake amadyera zolemba za anthu wamba osawapatsa kanthu, ndiye kuli bwino kulandira masenti kusiyana ndi kulandira mphepo. Pamenepa pali choona. Koma Facebook sinauzepo mphwanga kuti iye ndi mwini wake, kapena kuti kumeneko kuli demokalase. Wakuba amene akuti ndine wamalonda ndi woipa, koma wakuba amene akuti ndine m'bale wako ndi woopsa koposa, chifukwa umamutsegulira wekha chitseko.

Yachiwiri, amati pa intaneti munthu mmodzi akhoza kutsegula maakaunti chikwi, ndiye mutati akaunti iliyonse voti imodzi achinyengo adzakolola nkhokwe yonse. Iyi ndi mfundo yoona ndithu, ndipo vutoli ndi lovuta. Koma ngati mwalephera kupeza njira yowerengera anthu, nenani poyera kuti chimene mwamanga ndi kampani ya masheya, mmene wa masheya ambiri amalamula. Kampani si tchimo. Tchimo ndi kuitcha mudzi wa anthu ofanana pofuna kukopa amene alibe masheya kuti adzagwire ntchito.

Yachitatu, amati alipo osauka amene apindula, ku Venezuela, ku Nigeria, ku Indonesia, ndipo ku Ghana ndalama za Hive zakumbitsa mijigo m'midzi. Sindikutsutsa. Alipo anamgumi a mtima wabwino amene amafunafuna olemba atsopano n'kuwakweza. Koma ufulu umene umadalira mtima wabwino wa bwana si ufulu, ndi mwayi. Bwana akasintha maganizo, kapena akagulitsa chuma chake kwa wina monga zinachitikira mu 2020, mwayiwo wapita. Nafenso tinali ndi nthawi imene munthu ankatha kulandira nyumba kapena nsalu kuchokera kumwamba chifukwa wavina bwino. Sitinaitche demokalase.

Funso limene sakonda kuliyankha ndi ili: kodi madola amene namgumi amatulutsa amachokera kuti? Makompyuta amapanga ndalama za crypto, koma sapanga madola. Ndalamazo zimasanduka madola pokhapokha wina akazigula. Ndipo mmodzi mwa ogulawo ndi usipa womwe uja, umene wauzidwa kuti ukafuna kuoneka uyambe wagula mphamvu. Mu January 2018 STEEM imodzi inafika pafupifupi madola 8. Pofika kumapeto kwa chaka chomwecho inali pansi pa theka la dola, ndipo mu November kampani ya Steemit inachotsa antchito ake pafupifupi 70 pa 100 alionse. Amene anagula pamwamba kuti voti yawo ilemere anatsala akugwira mphepo. Kutulutsanso ndalama zomangiriridwa si kwa tsiku limodzi: pa Hive zimatuluka pang'onopang'ono kwa masabata 13, mtengo ukugwa inu mukuona.

Mphwanga naye anafika pamenepa. Anabwera madzulo ena nati: "Amalume, mundibwereke ndalama ndigule mphamvu pang'ono, mwina adzayamba kundiona." Ndinamumvetsa. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo mnyamata aliyense m'dziko muno amalota dola. Koma ndinakana. Ndinamukumbutsa kuti Reserve Bank ya dziko lino inachenjeza kale mu 2019 kuti crypto si ndalama yovomerezeka ndi lamulo kuno, kutanthauza kuti zikakuvuta ulibe ofesi yokagogoda. Ndinamuuzanso kuti ndalama zimene ine ndingakwanitse sizingamusandutse ngakhale kambuzi pamaso pa namgumi.

Nanga titani?

Sindikupempha boma kuti litseke mabwalowa. Ine amene ndinakulira kunja chifukwa cha boma lotseka zinthu sindingapemphe loko wina. Chimene ndikupempha ndi maso.

Kwa inu achinyamata a ku Mpondasi, ku Monkey Bay, ku Chimwala ndi konse kumene mukuwerenga: lembani, jambulani, phunzirani luso, palibe choipa. Koma musanalowe bwalo lililonse lolonjeza ndalama, funsani mafunso atatu. Kodi voti yanga ikulemera chimodzimodzi ndi ya mnzanga? Kodi ndani ali ndi mulu waukulu wa ndalamazo, ndipo anaupeza bwanji? Kodi akandilakwira ndikadandaula kwa yani? Sungani kabuku, mulembe za bandulo mbali ina, zolowa mbali ina, monga amachitira mayi aliyense wa geni ya usipa. Ndipo musatenge ndalama ya fizi, ya feteleza kapena yotumizidwa ndi m'bale wovutika ku Joni kukagula nayo kuoneka. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo.

Kwa inu anzanga obwerera kuchokera kunja, ndi inu a m'tauni amene ana anu amakuonani ngati odziwa za dziko: musakhale akapitawo a anamgumi. Ndaona ena akusonkhanitsa achinyamata m'maholo, atavala masuti, kuwalalikira za ufulu wa chuma chatsopano, osawauza kuti wobweretsa anzake ndiye amakwezedwa. Ngati mukudziwa mmene sikelo imayezera, nenani zonse.

Kwa manyuzipepala ndi mawailesi athu, kuphatikizapo a m'madera: fotokozerani anthu zinthu izi m'Chichewa ndi m'Chiyao. Ndipo tsegulirani malo olemba achinyamata, muwalipire ngakhale pang'ono. Mnyamata amene angathe kulemba za mwera mpaka iwe wowerenga kumva kuzizira sayenera kupita kukagwadira mlendo wosawerenga kuti adziwe ngati ali ndi luso.

Chimene chinandiwawa koposa si ndalama za mabandulo ayi. Ndi chakuti makinawo anaphunzitsa mwana wa mlongo wanga kuti nkhani yake ndi yachabe, pamene choona chinali chakuti thumba lake ndi lopepuka. Umphawi tinauzolowera. Koma umphawi umene umabwera n'kukuuza kuti anthu avota mwaufulu ndipo akukana, umenewo umathyola munthu m'kati.

Pa 14 June 1993 tinachezera pa wailesi tili kutali, kudikira kumva ngati nyali yapambana tambala wakuda, ndipo a Malawi pafupifupi awiri mwa atatu alionse anasankha nyali. Koma ife a kunyanja tikudziwa kuti nyali zili mitundu iwiri. Ilipo ya m'nyumba, imene imaunikira aliyense wokhala m'chipindamo mofanana. Iliponso imene amayatsa pa bwato usiku wa mdima, yowala koposa, imene usipa umaithamangira kuchokera kutali n'kuunjikana pansi pake, chilimira chikuzungulira mwakachetechete. Mwana wanu akadzabwera nkhope ili ngwee kudzakuuzani za kuwala kwatsopano kwa pa foni, musamukalipire. Khalani naye pansi, ndipo mufunse limodzi kuti chingwe cha ukonde chili m'manja mwa yani.